Nyimbo zikome, makutu atsale: zomwe ndaphunzira pogula mahedifoni

Mudirowa ya tebulo langa muli manda. Tsiku lina ndinawerenga ndipo ndinapeza mahedifoni asanu ndi awiri, onse akufa. Ena anasiya kulira mbali imodzi, ena waya anathothoka pakhosi pa pulagi, ndipo ena ndi aja opanda waya omwe kamodzi kanagwera m'ngalande ku Kawale, kanzake n'kutsala kamasiye. Onsewa ndinagula m'zaka ziwiri zokha, ndipo ulendo uliwonse wogulitsa ankandiuza mawu omwewo: "Bigi, awa ndi orijino, besi yake mukaimva nokha."

Ndalama zomwe ndinataya zinkandiwawa, koma si zimene zinandisintha maganizo. Chinandisintha ndi ulendo wa pabasi wochoka ku Lilongwe kupita ku Lunzu, komwe ndinkakaona amalume anga.

Ndinapeza mpando wakumbuyo kwenikweni, komwe injini imamveka mpaka m'mafupa. Kutsogolo wailesi inali pamwamba, ndipo pakati pa basi mlaliki anagwira ntchito yake mpaka tinatuluka mumzinda. Ine ndinalowetsa mahedifoni m'makutu n'kuyamba kukweza voliyumu. Foni inandichenjeza kuti ndapitirira mlingo, koma ndinangodina OK osawerenga, monga timachitira tonse. Kuchoka pa Dedza, kudutsa pa Ntcheu mpaka kukaoloka Shire pa Zalewa, voliyumu inali kumapeto.

Nditatsika n'kuwavula, mawu a anthu ankamveka ngati ndamira m'madzi. Usiku m'khutu lakumanzere munkalira kaphokoso kosalekeza, kuti nziii, ngati nyenje ya m'chilimwe.

Amalume anagwira ntchito pachigayo zaka zoposa 20. Masiku ano ukamalankhula nawo umayenera kukhala patsogolo pawo kuti aziona milomo yako. M'mawa nditawafotokozera za khutu langa, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mphwanga, zanga zinayambanso choncho," anatero. "Ndikaweruka m'makutu munkalira, kukacha n'kusiya. Tsiku lina sizinasiyenso. Komatu ine ndinkafuna ndalama yodyetsera ana. Nanga iwe, phokosolo ukuchita kuligula ndi ndalama zako?"

Ndinasowa choyankha. Kulira kuja kunasiya patatha masiku awiri, koma funso la amalume silinandichoke.

Chifukwa chiyani timakweza voliyumu?

M'kati mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, komwe madokotala amati cochlea. Mmenemo muli timaselo pafupifupi 15,000 tokhala ndi tiubweya tomwe timagwedezeka mawu akalowa. Phokoso lalikulu limatitopetsa, n'chifukwa chake pochoka kudansi kapena kuukwati makutu amakhala ngati atsekeka. Phokosolo likamabwerezedwa timaseloti timafa, ndipo tikafa sitimeranso.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti achinyamata oposa 1 biliyoni, azaka zapakati pa 12 ndi 35, ali pachiopsezo chowononga makutu awo chifukwa cha momwe amamvetsera nyimbo. Kukula kwa phokoso amakuyeza m'ma decibel. Malinga ndi bungweli, munthu wamkulu angamvetsere ma decibel 80 kwa maola 40 pasabata popanda vuto, koma zikafika pa 90 nthawiyo imatsika kufika maola 4 okha pasabata. Mahedifoni ambiri voliyumu ikakhala kumapeto amatha kufika kapena kupitirira 100, ndipo pamenepo gawo la sabata yonse silikwana ndi theka la ola lomwe. Ine ndinamvetsera choncho kwa maola oposa atatu ulendo umodzi.

Nditaganizira bwino ndinaona kuti sindinkakweza voliyumu chifukwa chokonda phokoso. Ndinkakweza chifukwa nyimbo sinkamveka bwino. Phokoso la basi linkalowa m'mbali mwa mahedifoni, besi inkathawira panja, ndipo nyimbo zambiri mufoni mwanga zinali zofinyidwa kale. Ndinkathira voliyumu ngati munthu wothira mchere wambiri m'ndiwo zosapsa. Nyimbo ikamamveka bwino, dzanja silithamangira kukweza. Ndiye ndinayamba kukonza chimodzichimodzi.

Yambani ndi nyimbo yomwe ili mufonimo

Ambirife nyimbo timazipeza kwa anyamata obena nyimbo pamsika, pamagulu a WhatsApp, kapena pozitembenuza kuchokera pa YouTube. Nyimbo imeneyi imakhala kuti yadutsa m'manja ambiri, ndipo nthawi iliyonse ikafinyidwa kuti ichepe imataya kanthu kena komwe sikabwereranso.

Pali njira yachidule yodziwira. Nyimbo ya MP3 ya 128 kbps imadya pafupifupi 1 MB pamphindi iliyonse, choncho ya mphindi zinayi imakhala pafupifupi 4 MB. Ya 320 kbps, womwe ndi mlingo wapamwamba wa MP3, imayandikira 10 MB. Mukaona nyimbo ya mphindi zinayi ili ndi 1.5 MB, dziwani kuti yafinyidwa kwambiri. Mudzamva zitsulo za ng'oma zikulira ngati munthu akupukusa jumbo, ndipo ngakhale mutagula mahedifoni odula chotani sizisintha. Mahedifoni abwino ndiye amaulula kuipako bwinobwino.

Musanamizidwenso ndi masamba a pa intaneti omwe amati akupatsani nyimbo ya pa YouTube ya 320 kbps. Fayilo imakuladi, koma zam'kati n'zomwezo. Kuika ndiwo zochepa m'mbale yaikulu sikuzichulukitsa.

Ngati mumamvera pa Spotify, yomwe inayamba kupezeka kuno mu 2021, kapena pa Boomplay ndi Audiomack, lowani pa settings muone mlingo womwe munasankha. Nthawi zambiri foni imakhala pamlingo wotsika pofuna kusunga bandulo. Pa Spotify, ola limodzi pa 96 kbps limadya pafupifupi 43 MB, pomwe pa 160 kbps limadya pafupifupi 72 MB. Ine nyimbo zomwe ndimazikonda kwambiri ndimazitsitsa pamlingo wapamwamba ndikapeza Wi-Fi kapena bandulo yausiku. Kupeza nyimbo m'njira zovomerezeka kuli ndi ubwino winanso: woimbayo amapezako kangachepe.

Chachikulu n'kukwana m'khutu

Pamsika onse timangoti mahediseti, koma alipo amitundu ingapo. Pali aja apulasitiki yolimba omwe amangokhala pakhomo pa khutu. Ndi opepuka ndipo umamva zomwe zikuchitika pafupi nawe, koma m'minibasi ndi omwe amakukakamiza kukweza voliyumu. Pali olowa m'kati okhala ndi kamphira kunsonga, omwe amatseka phokoso lakunja. Pali akuluakulu okhala ndi chogwira pamutu, ena ogona pamwamba pa khutu, ena ophimba khutu lonse. Ophimba khutu lonse amamveka bwino ndipo ndi abwino powerenga kapena pogwira ntchito pakompyuta, koma mu Okutobala mudzatuluka nawo thukuta.

Pa zonse zomwe ndaphunzira, chomwe chinandithandiza kwambiri sichinadye ndalama. Mahedifoni olowa m'kati amabwera ndi timphira tamasaizi atatu, koma ine tina tija ndinkatitaya pamodzi ndi katoni. Yesani izi: nyimbo ikulira, kanikizani pang'ono mahedifoni ndi chala. Besi ikabwera mwadzidzidzi, ndiye kuti kamphirako sikakukwanani ndipo mpweya ukudutsa m'mbali. Sinthani saizi mpaka besi izikhalapo osagwira. Ine ndinapeza kuti khutu langa lakumanja limafuna kakakulu pomwe lakumanzere limafuna kapakati. Nditangosintha, voliyumu yomwe ndinkamvera m'basi inatsika yokha.

Palinso omwe amalembedwa kuti ANC. Amenewa amakhala ndi timaikolofoni tomwe timamva phokoso lakunja, kenako amatulutsa mafunde otsutsana nalo kuti lizimiririke. Amagwira bwino paphokoso losasinthasintha ngati la injini ya basi kapena jenereta, koma mawu a anthu ndi hutala zimadutsabe. ANC yeniyeni ndi yokwera mtengo, ndiye mukaiona italembedwa pa mahedifoni amtengo wa bandulo ya sabata, kayikirani.

Waya kapena Bluetooth?

Ngati ndalama zili zochepa, ine ndimati gulani a waya. Pa a Bluetooth ndalama yanu imagawika: ina yapita kubatire, ina kukabokosi kotchajira, ina kukachipangizo kolandirira mawu, ndipo yotsala ndiye ya sipika. Pa a waya pafupifupi yonse imapita pa zomwe mumve. Safuna kutchaja magetsi akazima, sachedwetsa mawu mukamasewera magemu, ndiponso mafoni ambiri okhala ndi wailesi ya FM amagwiritsa ntchito waya yemweyo ngati eriyo.

Vuto ndi loti kabowo ka 3.5 mm kakusowa. Apple inakachotsa pa iPhone 7 mu 2016 ndipo makampani ena anatsatira, ngakhale mafoni ambiri a Tecno, itel ndi Infinix akadali nako. Ngati foni yanu ilibe, mufunika kachingwe kolumikizira pa USB-C. Apa samalani, chifukwa tilipo tamitundu iwiri. Tina timakhala ndi kachipangizo kotchedwa DAC, komwe kamasandutsa manambala a mufoni kukhala mawu, pomwe tina ndi waya chabe. Mafoni ambiri, kuphatikizapo a Samsung, amafuna kokhala ndi DAC. Kayeseni pafoni yanu musanalipire.

A Bluetooth nawo ali ndi ubwino wake, makamaka pothamanga, pochapa kapena pophika. Chofunika kudziwa n'chakuti nambala ngati 5.0 kapena 5.3 yolembedwa pakatoni si imene imanena za kukoma kwa nyimbo. Nkhani ili pa codec, yomwe ndi njira imene foni imapakirira nyimbo poitumiza. SBC imapezeka pa onse. AAC ndi yomwe iPhone imagwiritsa ntchito ndipo mafoni a Android nawonso ali nayo. Palinso aptX ya kampani ya Qualcomm ndi LDAC ya Sony, yomwe imafika 990 kbps. Koma foni ndi mahedifoni ziyenera kukhala nayo zonse ziwiri, apo ayi zimabwerera pa yomwe zikugwirizana. Kunena zoona, m'minibasi kusiyana kwake n'kovuta kukumva. Kamphira kokwana bwino kamasintha zambiri kuposa codec.

Kumbukiraninso kuti timabatire ta m'mahedifoni opanda waya timatopa pakapita zaka zochepa, ndipo kawirikawiri sitisinthika. Batire likatha, mahedifoni athanso.

Zolembedwa pakatoni

Pafupifupi katoni iliyonse imalembedwa 20 Hz mpaka 20 kHz. Umenewo ndi mlingo womwe khutu la munthu wachinyamata limamva, ndipo otchipa ndi odula omwe amalemba zomwezo, choncho sizikuuzani kanthu. Mawu ngati "super bass" kapena "9D" ndi okopera ogula basi.

Nambala zothandiza ndi ziwiri. Yoyamba ndi ya ma ohm: apakati pa 16 ndi 32 foni imawakwanitsa bwino, koma a ma ohm 250 omwe amagwiritsidwa ntchito kusitudiyo amalira motsika pafoni pokhapokha mutagula kowonjezera mphamvu. Yachiwiri ndi IPX4, yomwe imatanthauza kuti thukuta ndi madontho a mvula siziwaononga, ngakhale si oti n'kusamba nawo.

Za dzina la kampani, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mayina ngati JBL, Sony, Samsung, Oraimo ndi AirPods ali ndi mafeki ambiri, ndipo katoni ya feki masiku ano imaoneka bwino zedi. Mtengo ukatsika kwambiri kuyerekeza ndi wa m'sitolo yodziwika, yankho mwalipeza kale. Kuli bwino kugula enieni a kampani yotchipa kusiyana ndi feki ya kampani yodula.

Mbewa ya manyazi inafera kuuna

Kale ndinkachita manyazi kuyesa katundu pamaso pa wogulitsa. Pano ndimapita ndi nyimbo zitatu zomwe ndimazidziwa bwino. Ina ndi ya rege ya Black Missionaries, kuti ndimve ngati besi ikuyenda ndi manotsi ake kapena ikungogunda ngati chitseko. Ina ndi ya agogo Giddes Chalamanda, momwe muli gitala ndi mawu, kuti ndimve ngati mawu a munthu akumveka ngati a munthu. Yachitatu ndi ya kwaya, kuti ndione ngati ndingathe kusiyanitsa mawu a amayi ndi a abambo akamaimbira pamodzi.

Ndimayesa voliyumu ili pakati, osati kumapeto. Ogulitsa ena amakonda kukukwezera mpaka pamwamba chifukwa chilichonse cholira kwambiri chimamveka ngati chabwino kwa mphindi yoyamba. Mahedifoni abwino amamveka okwanira ngakhale motsika.

Ndikatero ndimamvetsera mbali iliyonse payokha, ndimagwedeza waya pafupi ndi pulagi kuti ndimve ngati pali kuthetheka, ndipo ndimaimbira mnzanga kuti andiuze ngati maikolofoni ikumveka. Pulagi yokhala ndi timizere titatu ndiye ya mahedifoni okhala ndi maikolofoni, ya timizere tiwiri ilibe. Mukamva zing'wenyeng'wenye koma mawu a woimba akumveka patali ngati ali m'chitsime, n'kutheka kuti pulagi sinalowe yonse. Mawuwo akamabwerera mukadina batani la pawaya, ndiye kuti mahedifoniwo ndi a kalumikizidwe kakale kotchedwa OMTP, ka mafoni akale a Nokia, pomwe mafoni ambiri a masiku ano amatsatira CTIA. Asiyeni.

Pomaliza funsani lisiti, ndipo gwirizanani masiku omwe mungabweze katunduyo akavuta. Timphira tomwe anthu ena ayesera tipukuteni kaye musanatilowetse m'khutu.

Zokonza mufoni momwemo

Mafoni ambiri ali ndi equalizer, pa settings kapena mu app yoimbira nyimbo. Ine ndinkakweza timizere tonse ta besi mpaka pamwamba, zotsatira zake nyimbo inkasweka ndipo mawu a woimba ankakwiririka. Njira yabwino ndi kutsitsa zomwe zachuluka m'malo mokweza zomwe zachepa. Ngati mawu sakumveka, tsitsani besi pang'ono. Ngati zitsulo zikubaya m'khutu, tsitsani timizere takumanja. Sinthani pang'onopang'ono, kamzere kamodzi nthawi imodzi.

Onaninso pa Accessibility ngati Mono audio sinatsegulidwe mwangozi, komanso ngati mawu sanapendekere mbali imodzi. Mnzanga wina anatsala pang'ono kutaya mahedifoni abwinobwino chifukwa cha zimenezi. Pa mafoni a Samsung pali Adapt sound, yomwe imakuyesani makutu ndi timaphokoso n'kukonza nyimbo molingana ndi momwe mumamvera. Zinthu ngati Dolby Atmos ziyeseni potsegula ndi kutseka pa nyimbo imodzimodziyo, musankhe zomwe zakukomerani. Ma app olonjeza kukweza voliyumu kupitirira mlingo wa foni apeweni, amangoswa nyimbo ndi makutu omwe.

Fumbi nalo ndi mdani. Mahedifoni akayamba kulira motsika mbali imodzi, nthawi zambiri kasefa ka kunsonga kamakhala katatsekeka ndi phula la m'khutu. Chotsani kamphira, tsukani ndi madzi a sopo, kaume, ndipo kasefako kapukuteni ndi mswachi wouma. Kabowo ka pafoni kamadzaza ulusi wa m'thumba. Zimitsani foni n'kuuchotsa mosamala ndi kamtengo kotokosera m'mano, osati singano. Pozula mahedifoni gwirani pulagi, osakoka waya, ndipo musawakulunge mothina kuzungulira foni. Atatu mwa asanu ndi awiri aja ndinawapha ndekha mwa njira imeneyi.

Malire omwe ndinadziikira

WHO imalangiza kuti voliyumu isapitirire 60 peresenti ya mlingo wonse, komanso kuti makutu azipumako. Ine ndinaika malire mufoni momwemo kuti chala chisandinamize. Pa Samsung pali Media volume limit, pa iPhone pali Headphone Safety. Ngati munthu ali pafupi nanu akumva nyimbo yomwe ili m'makutu mwanu, mwapitirira. Ana akamaonera makatuni pafoni yanu tsitsani kwambiri, chifukwa mlingo wawo ndi wotsikirapo, ma decibel 75.

Mahedifoni otseka phokoso ali ndi ngozi yakeyake. Mukamayenda m'mphepete mwa msewu, kupalasa njinga kapena kukwera kabaza, vulani, kapena siyani khutu limodzi lotsegula. Hutala yomwe simunaimve siibwereza.

Ngati m'makutu mukulira osasiya, kapena mwayamba kumauza anthu pafupipafupi kuti abwereze zomwe anena, kayezetseni. Ku Blantyre kuli kiliniki yoyeza makutu pachipatala cha Queen Elizabeth, ndipo ku Lilongwe kuli ABC Hearing Clinic. Khutu likasiya kumva mwadzidzidzi, musadikire sabata, pitani kuchipatala msanga.

Ine mapeto ake ndinasunga ndalama miyezi iwiri n'kugula a waya olowa m'khutu, m'sitolo yopereka lisiti. Mtengo wake unali wocheperapo ndikaphatikiza zomwe ndinaononga pa asanu ndi awiri aja. Tsopano atha chaka ndi miyezi.

Ulendo wina nditapitanso ku Lunzu ndinawapukuta n'kuwaveka amalume, n'kuwaikira nyimbo ya Chalamanda yomwe ankaikonda ali mnyamata. Anatseka maso n'kumagwedeza mutu. Kenako anakweza chala m'mwamba kuti ndiwonjezere. Ndinawonjezera pang'ono, iwo n'kukwezanso chala.

"Gitala ndikumumva," anatero atavula, "koma mawuwo akundithawa. Bola ndimaidziwa kale, ndiye ndimangomalizitsa mumtima."

Pobwerera ndinakhalanso mpando wakumbuyo. Voliyumu inali pakati kuchoka pa Lunzu mpaka kudepoti ya Lilongwe, ndipo nditatsika ndinamva bwinobwino mnyamata wa kabaza akundiitana kutsidya kwa msewu.